Sipedi Pamwamba pa Mtima

Ine, Sophia Daka, wa zaka 63, wochokela ku Mwape koma wokhala ku Petauke, mphunzitsi wopuma pantchito, ndikunena izi. Mwina mudabwa kuti makhadi akulowa bwanji pa mlandu wa mpeni. Ndiloleni ndifotokoze.

Loweluka lililonse masana timasewela wisiti pakhonde panga. Timakhala anai, awiliawili, mnzako moyang'anana nawe. Mnzanga ndi a Wilbroad Sakala. Otsutsana nafe ndi a Julio Njobvu ndi a Josphat Mwanza. Lamulo lalikulu ndi ili: woyamba akaponya mtima, aliyense amene ali ndi mtima aponye mtima. Kuuzana za makhadi n'koletsedwa. Zaka zonsezi a Sakala sanaphwanyepo lamuloli.

Kuyambila Lachiwili, mwana wa a Sakala, Maureen, amabisala m'nyumba mwanga. Anathawa amuna ake, Ivan, ku Kacholola, ali ndi bala pakhosi. Ivan sindinamuonepo nkhope.

Dzulo, Loweluka, cha m'ma 15 koloko, a Sakala anafika ndi munthu wamtali wovala jekete yakuda. Anati, "Ndi mphwanga, afuna kuonelela." Munthuyo anakoka mpando nakhala kumbuyo kwao, mawondo atagunda mpando wao, dzanja lamanja m'jekete. Maureen anali m'khichini. Ndiye amene anayenela kubweletsa tiyi tikatha kusewela koyamba.

Ndinaponya mtima. A Sakala anaponya sipedi. Ulendo wotsatila anatulutsa mtima. A Njobvu anaseka nati, "Mdala, maso apita! Mawa mudzathila mchele mu tiyi." A Sakala sanaseke. Ndinaponyanso mtima, iwo sipedi, maso ali pa chitseko cha khichini. Thukuta linagwela pa khadi. Ndinazindikila kuti akundichenjeza za munthuyo.

Ndinaika makhadi chafufumimba ndi kunena kuti ndikatenge tiyi. Ndinatulutsa Maureen pa khomo lakumbuyo wosavala nsapato, kupita kwa aneba, ndinakhoma ndi kuika kiyi m'chitenje. Ndinaimbila apolisi. Ndinabwelela pakhonde ndi tiyi pa thileyi.

Munthuyo anafunsa, "Mukhala nokha, amai?" Ndinati inde. Tinapitiliza kusewela. Kenaka anayang'ana pakhomo pamene panali mapatapata ofiila a Maureen. Anati, "Aya ndinagula ndine." Anaimilila, natulutsa mpeni wotalika ngati chikhatho changa ndi theka, nalowa m'nyumba akuitana Maureen. Ndinakoka chitseko chachitsulo, a Mwanza anatseka loko. Mawindo anga onse ali ndi zitsulo. Munthuyo anamenya chitseko mpaka apolisi atafika, akukuwa kuti, "Ndikatuluka ndiyamba ndi iwe, mphunzitsi!"

A Sakala ataimilila, shati yao inali ndi magazi kumsana. Anandiuza kuti Ivan anawapeza panjila ndipo anawalasa pang'ono pamene anakhala pansi, kuti asatsegule pakamwa. Makhadi ao anali akali m'manja, opindika. Munali mitima inai.

Makhadiwo ndabwela nawo. Ndikupempha, bambo wapolisi, muwagwile nokha, ine ndiponye mtima, muone ngati munthu angaphonye mitima inai osadziwa. Ndipemphanso mundiuze tsiku limene Ivan adzatuluke, lisanafike.

Ndi zomwe ndikudziwa, ndipo andiwelengela ndavomeleza.

Siginecha: S. Daka ____________