Nsomba imene a Mbewe adaibweza m'madzi

Zaka zija za m'ma 1980, mabwalo oimikapo magalimoto asanameze minda ya kuno ku Rockville, m'dziko la Azungu lino, ine ndinali ndi mnzanga dzina lake a Mbewe. Ikani kaye mafoniwo pansi, adzukulu inu, ndipo mukafuna kundiyankha m'Chingelezi yankhani, bola makutu akumva.

A Mbewe adakulira ku Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, ndipo adabwera kuno kudzaphunzira monga ine, koma tsiku lina pamsonkhano wa ophunzira adayankhula zandale mosasamala, mawuwo n'kukafika kumudzi. Masiku amenewo makutu anali paliponse. Abale awo adawatumizira uthenga kuti asayerekeze kubwerera, akangotsika ndege sadzaonekanso. Inu lero mumagula tikiti muli gone pampando, koma iwo adakhala zaka ndi zaka akuchapa nsalu za odwala pachipatala china ku Bethesda, mtima wonse uli pa chinthu chimodzi, kukawaona amayi awo asanamwalire.

Chimene chinkawatonthoza ndi kuwedza. Tidapeza kaboti kakale ka injini yotsokomola, ndipo kumapeto kwa Ogasiti chaka chilichonse tinkalowa mpikisano panyanja ina ku Virginia, kupitirira Fairfax, wogwira nsomba yakukamwa kwakukulu imene kuno amati bass. Lamulo lake linali lakuti nsomba uisunge yamoyo m'bokosi la madzi m'botimo, madzulo akaiyese pasikelo, kenako aibweze m'nyanja. Ulendo woyamba a Mbewe sadamvetse zimenezi, adathyola bango n'kutunga nsomba zonse m'makha monga achitira kwawo, ndipo adafika nazo pasikelo akunyadira, zitauma gwa. Azungu oyendetsa mpikisanowo adangogwira pakamwa, ife n'kuchotsedwa mumpikisano. Njira yonse yobwerera ankangolalata kuti, “Achimwene, anthu awa ndi okhuta. Munthu kupsa ndi dzuwa tsiku lonse, ndiwo n'kuzitayanso m'madzi?” Ndidaseka mpaka misozi.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Chaka china, mpikisano utayandikira, foni idabwera kudzera kwa msuweni wawo wa ku Lusaka kuti amayi aja adamwalira, ndipo adaikidwa kale. Amalawi ochepa tidasonkhana m'kanyumba kawo, tidaimba nyimbo za maliro popanda maliro, ena n'kuopa ngakhale kubwera kuti angaonedwe nawo. Ine ndidati chaka chino mpikisano tiusiye, iwo adati, “Ayi, tiyeni. M'nyumba muno ndikhala ndikuyang'ana chiyani?”

Tsiku limenelo kudatentha koopsa, mphepo kunalibe, ndipo nyengo imeneyo nsomba zimathawira pansi pamadzi ozizira, moti maboti ambiri ankangozungulira chabe. Dzuwa lili pamutu, ndodo ya a Mbewe idapindika ngati ithyoka, ndipo atalimbana nayo kwa nthawi adakweza chinsomba chimene ine sindidachionenso, kukamwa kwake chibakera chinkalowa. Anthu a m'boti loyandikana nafe adatiimbira m'manja, ndipo ndidadziwa kuti chikho n'chathu, ife amene ankatiseka za bango zija.

Koma madzi a m'bokosi adafunda, ndipo pasanapite nthawi nsomba ija idayamba kugona cham'mbali, mimba yoyera ikuonekera. A Mbewe adathiramo ayisi yense wa zakumwa zathu, nagwada pansi n'kumaitembenuza ndi manja, munthu yemwe uja ankatunga nsomba pabango. Ndidati, “Achimwene, ilimba imeneyi, nthawi ya sikelo yatsala pang'ono. Ngakhale ikafike ikupuma pang'ono, awerenga.” Adainyamula ndi manja awiri, naitsitsira m'nyanja mosamala, n'kuigwirabe kumchira mpaka makha adayambanso kugunda bwino.

Ine ndidapsa mtima, ndisakunamizeni, ndipo ndidawafunsa ngati mutu wawo ukuyenda bwino. Adati, “Madzi a m'bokosi ndikuwadziwa ine, achimwene. Umapuma ndithu, koma suli moyo.” Kenako adaiuza nsomba ija kuti, “Pita iwe, kwanu n'kufupi,” ndipo adatsegula dzanja. Apo m'pamene adalira amayi awo, kulira kwenikweni kumene kudakanika m'nyumba muja, ndipo ine ndidazimitsa injini n'kuwasiya alire.

Sitidalowenso mpikisano. A Mbewe adadwala zaka zingapo pambuyo pake, ndipo adatisiya zinthu zisanasinthe kumudzi, moti njira itatseguka iwo anali atagona kale kumanda aja timadutsa tikamapita kutchalitchi. Akulu adati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka, koma mnzanga uja m'thengo adatsalamo osafuna.

Tsono inu, mapasipoti muli nawo ndipo palibe akukudikirani pabwalo la ndege ndi unyolo. Agogo anu aakazi ku Zomba akalamba, maso ayamba kuchita khungu. Musamangoti chaka chamawa, chaka chamawa. Pitani akakugwireni kumaso akadali moyo, ndipo pobwera mudzanditengereko dothi la ku Kachulu lodzaza dzanja limodzi, ndikathire pamanda a a Mbewe.