Galimoto Yokhwinyata ya Akamwini

Lolemba m'mawa mkulu wa mpingo anafika pagalaja kudzaona galimoto ya liwiro ya mkamwini wake, imene dzulo lake inagunda mtengo muli mkamwiniyo ndi mkazi wake woyembekezera, mwana wa mkuluyo. Onse awiri anatulukamo opanda bala, Ambuye alemekezeke, koma kutsogolo kwa galimotoyo kunali kutakhwinyata ngati nkhope ya mkuluyo.

"Akamwini, m'chitini cha nsombachi ndi mmene munaikamo mwana wanga?"

"Munalibe nsomba, bambo."

"Ndikuti n'chofewa. Taonani mmene chapindikira."

"Anachipanga dala kuti chizipindika kutsogoloku, mphamvu ya ngozi izithera pomwepo. Polimba ndi pokhala anthu. Tsegulani chitsekocho muone."

Mkuluyo anachitsegula ndi zala ziwiri n'kuchitseka. Chinatsekeka bwinobwino, ndipo zinamuwawa.

"Iii, ndiye munagula chinthu atakuuziranitu kuti chidzaphwanyika? Nowa akanakhoma chingalawa chotere, bwenzi tonsefe kulibe."

"Chingalawa sichinagunde mtengo, bambo."

"Chinagunda phiri."

"Chinangoterapo."

"Musandiphunzitse Malemba, munabatizidwa ndikuona inu. Kuyambira lero mwana wanga azipita kusikelo pa lole yanga. Chitsulo chenicheni chija. Inagunda mlatho, inagunda khoma la tchalitchi, inagunda ng'ombe, osapindika ngakhale pang'ono."

"Nanga ng'ombeyo?"

"Inadyedwa."

"Dalaivala?"

"Uti?"

"Wa pamlatho."

"Aaa, ameneyo amayendera ndodo, koma anali wosasamala."

"Wa pakhoma?"

"Akuimbabe kwaya. Mano okha ndi amene anatsala pachiwongolero."

Mkamwini anagwedeza mutu mwaulemu n'kutambasula manja onse awiri.

"Ndamva, bambo, mawu a akulu sitikana. Ndipatseni makiyi a loleyo tikamutenge mwana wanu. Tsiku lake la sikelo ndi lero."

"Lero?"

"Eya. Iye akhale pakati, inu kuchitseko. Mwaiimika pati?"

Mkuluyo anatembenuka thupi lonse, pakuti khosi lake linaleka kutembenuka palokha tsiku la ng'ombe, pamene ankayendetsa yekha. Anayang'ana kumsewu nthawi yaitali, milomo ikugwedera ngati akutsatira nyimbo ya maliro chamumtima.

"Ndabwera pa basi," anatero. "Itanani takisi, akamwini. Pa mdzukulu wanga sitimuyesa Mulungu."