A Fraser Sitima ndi Makapisozi a M'thumba

Malemu anabadwa pa 9 Juni, 1961, kuno kwa Mkhumba, m'banja la ana asanu ndi awiri. Ine ndine Zelifa, mlongo wawo wamkulu. Ndinawabereka kumbuyo, choncho zimene ndinene pano sindinachite kumva. Sinditalikitsa, adzukulu akudikira kumanda.

A Fraser Sitima anayamba sukulu mu 1969 ndipo analekezera Sitandade 7. Mu 1980 anapita ku Mulanje kukathyola tiyi. Mu 1986 anamanga ukwati woyera ndi mayi Aliness, nakakhala chikamwini kufupi ndi Migowi. Mu 1995 anasiya tiyi, nayamba kugula nandolo m'midzi n'kumapita naye kumsika panjinga. Anali munthu wolimbikira, wosamwa mowa, woimba besi mu kwaya, koma wosamva za anzake. Onse amene munawadziwa mukudziwa kuti sindikuwanamizira.

Fumbi la mumsewu ndi mphepo ya mu Juni zinkawapatsa chifuwa chaka ndi chaka. Akapita kuchipatala ankauzidwa kuti ndi chimfine chabe, amwe madzi ambiri, apume, chitha chokha. Iwo ankabwerako atakwiya, ati munthu wobwera kuchipatala ndi panado yekha wangotha nsapato. Ndiye anapeza wawo dokotala, bambo wina wa kachikwama kumsika, wogulitsa makapisozi a amokisilini owerenga pamanja. Ankamwa awiri lero, awiri mawa, chifuwa chikangofewa n'kusiya. Otsala ankasunga m'thumba la jekete. Mnzawo akatsokomola ankamugawira. Nkhuku zikayamba kuwodzera ankatsegula kapisozi n'kuthira m'madzi akumwa nkhukuzo. Mayi Aliness anabwera kwa ine kudzadandaula, ine ndinakawalankhula achimwene, anandiyankha kuti chifuwa n'chawo.

Mu Julayi chaka chino, 2025, chimene chinabwera sichinali chimfine ayi, chinali chibayo. Anakhala pakhomo kupitirira sabata akumeza makapisozi awo, thupi likuotcha, mpaka mayi Aliness anawakweza okha pakabaza kupita nawo kuchipatala. Kumeneko anawabaya jakisoni, matenda sanamve. Anasintha mtundu wina, sanamvenso. Anatumiza magazi ku Blantyre, ndipo adokotala anatiuza, ine ndili pomwepo, kuti tizilombo ta m'thupi mwawo tinazolowera mankhwala chifukwa chowamwa pafupipafupi, osafunikira, komanso osamaliza. Pamene mankhwala amphamvu amapezeka, mapapo anali atatha kale. Malemu anatisiya pa 3 Ogasiti ali ndi zaka 64.

Tsopano pali nkhani ina imene siyenera kupita nafe kumanda. Chifikireni ndakhala ndikumva manong'onong'o kuseri kwa khitchini, akuti mankhwala akakana ndiye kuti pali dzanja la munthu, ndipo dzanjalo ndi la amene ankaphika phala. A Lekani, mphwathu, afika pokonza zoti akaombeze ku Mozambiki. N'chifukwa chake namfedwa, mayi Aliness, wathamangitsidwa pabokosi, wakhala kuseri kwa nkhokwe ngati mlendo.

Kukayikira nane ndimakudziwa. Ndikukayikira kuti anthu amene sanaponde kuchipatala ngakhale tsiku limodzi adziwa bwanji chimene chinapha achimwene. Ndikukayikira chifukwa omwewo dzulo ankafunsa kuti njinga ndi sikelo ya malemu zili kuti. Ndikukayikiranso bambo wa kachikwama uja. Dzina sinditchula, ali pansi pa mtengo wa mango apo, ndipo ndi amene akuimba mokweza kuposa tonse. Mankhwala opanda bokosi, opanda tsiku lothera, amawatenga kuti? Wawatsekula ndani pakamwa odwala ake kuti aone chimene akudwala? Ndipo m'mawa uno, pamaliro pomwe pano, ndaona amayi awiri akupatsirana makapisozi kuchokera pamfundo ya chitenje chifukwa wina watsokomola utsi. Musayang'ane pansi, ndakuonani. A Lekani, ngati mukufuna kuombeza, yambani ndi matumba a anthu ali pano.

Malemu asiya akazi awo mayi Aliness, ana anayi, a Gertrude, a Noah, a Promise ndi a Tikondane, zidzukulu zisanu ndi zinayi, ndi ife abale awo atatu. Tikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anayesetsa, abusa ndi a mpingo, amayi a mvano, anzawo a nandolo a ku Migowi amene agula bokosi, amfumu, ndi adzukulu amene akumba manda.

Koma woyamba kumuthokoza ndi amene anagona pansi pa bedi la kuchipatala mpaka tsiku lomaliza. Alamu, dzukani kuseriko, bwerani mudzakhale kumutu kwa amuna anu. Apatseni njira. Bokosi ili silinyamuka iwo asanakhale pamalo pawo.

Achimwene a Fraser, mzimu wanu uuse mumtendere.