Mano a Esinati ndi madzi a pa mjigo wathu

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni kuchokera kuno ku Ulongwe, kumene ndimagulitsa tomato m'mphepete mwa msewu. Ndikufuna ndikuuzeni za mwana wanga woyamba, Esinati, amene anasiya sukulu chifukwa cha mano.

Mano aumwana ataguluka, atsopanowo anamera ndi timadontho toyera ngati choko, kenaka anayamba kufiira ngati dzimbiri. Kwathu kuno ambiri ali ndi mano otere, koma a Esinati ananyanya. Anzake ankamuseka kuti amatafuna fodya. Achibale a bambo ake ankati ndi matenda a kumtundu kwathu, ena ankati alipo anamulodza. Tsiku lina ndinamupeza kuseri kwa bafa akukwecha mano ndi mchenga, nkhama zikutuluka magazi. Ndinamukumbatira, tonse n'kumalira. Kuyambira pamenepo anakana kupita kusukulu.

Ndinapemphera mpaka mawu anandithera. Ndinkangoti, "Ambuye, ngati simuchotsa, bola mundiuze chimene chikumudya mwanayu." Mchimwene wake wamng'ono, Lonjezo, anali akukwawa, ndipo ndinkaopa kuti nayenso zimupeza.

Yankho linatsika mu minibasi. Mayi wina wachisilamu, Abiti Jafali, anabwera kudzagula tomato, Esinati n'kumawapatsira atazyolika. Mayiwo anawerama n'kunena kuti, "Mwanawe, tayang'ana anga." Anamwetulira, ndipo mano awo anali ofiira chimodzimodzi. Anatiuza kuti amagwira ntchito yothandiza odwala mano ku Balaka. Ndinawafotokozera zimene anthu ankanena za mwanayo.

"Iyayi mayi, si ufiti, komanso si uve," anatero. "Madzi akumwa mumatunga kuti?"

Nditawauza kuti pa mjigo wa m'mudzi mwathu, anafotokoza kuti miyala ina ya pansi pa nthaka kuno ili ndi mchere wotchedwa fulorayidi, umene umasungunukira m'madzi a m'mijigo. Suoneka, sununkha, ndipo kuwiritsa madzi sikuuchotsa. Ukakhala wochepa umalimbitsa mano, n'chifukwa chake amauika m'mankhwala otsukira mano. Koma ukachuluka umawononga mano a mwana adakali m'nkhama, ndipo pakapita zaka ukhoza kuumitsa mafupa ndi msana. Minibasi yawo inawasiya ali mkati mofotokoza, koma iwo sanadandaule.

Tinakauza alangizi a zaumoyo, ndipo madzi atayezedwa zinapezeka zoona. Mjigo wathu unali ndi mcherewo wochuluka, pamene wa mudzi wa kutsidya kwa mtsinje unali wabwino. Bambo a ana anayamba kukatunga kumeneko pa njinga, ndipo nthawi ya dzinja timatchera madzi a padenga. Esinati tinapita naye kuchipatala ku Balaka, kumene anakamumata mano akutsogolo. Sanayere mbee ayi, koma mwana wanga anabwerera m'kalasi.

Zaka zitapita, Lonjezo naye anagulula mano. Woyamba kuona atsopanowo anali Esinati. Anathamanga kuchokera kunyumba mpaka pamsika atamugwira padzanja, akufuula kuti, "Amayi, oyera! Lonjezo, tatsegula pakamwa awaone!" Mano amene iye sanawapeze, anawasangalalira mwa mchimwene wake ngati ake.

Ndikuthokoza Mulungu amene ananditumizira mthandizi wopemphera mosiyana ndi ine. Inu amene mwana wanu akunyozedwa, musamukalipire, ndipo musaloze chala mnansi wanu. Yezetsani madzi anu, pempherani osatopa. Ine ndinapempha kuti ndingodziwa chabe, koma Iye anandipulumutsira ana awiri. Dzina lake lilemekezeke. Ameni.