Buku Losatsegula ndi Chigoli cha Mbuzi

A Sanford, omwe amagwira ntchito ya boma ku Lusaka koma anamanga ku Chongwe, anali ndi kabati yodzaza mabuku a mbiri ya masewera, ndipo mwana wapamtima pa onsewo linali buku lonenepa la mbiri ya mpira wa dziko lonse, lomwe linali likadali m'pulasitiki yake momwe linachokera kunja. Loweruka lina masana kunatulukira mlamu wawo Bwezani, mlimi wa tomato wa ku Kanakantapa komanso wapampando wa timu ya kumeneko, munthu womva mawu momwe anenedwera, osachotsera, osawonjezera.

"Mulamu, nabwela pa nkhani ya buku," anatero Bwezani asanakhale n'komwe.

"Buku iti?"

"Ija munakamba pa malilo a ba Tenson kuti bola yonse ya pa dziko ilimo."

A Sanford anamva kukoma. Zaka zonsezi palibe wachibale ndi mmodzi yemwe amene anafunsapo za mabuku awo, kupatula akazi awo pofuna kudziwa tsiku lomwe adzachoke pabalaza.

"Ilimo yonse," anatero, "kuchokela pamene bola inayambila."

"Ndiye na mbuzi ilimo."

"Mbuzi ya chani?"

Bwezani anakhala pansi, n'kuika chipewa pabondo.

"Pa Sondo tinasewela na anyamata a ku Kasisi. Bola inali kupita kunja, yamenya mbuzi pamutu, yangena mu golo. Ise tikuti chigoli, iwo akuti awe. Lefa anakwela njinga, mpaka lelo."

"Mbuzi ya ndani?"

"Yanga. Yobadwila pa Kanakantapa pamene, si yobweleka. Manje makomiti onse awili agwilizana kuti chamene buku ya ba Sanford izakamba, ni chamenecho. Wopambana apita ku fainolo. Ali pa gilaundi, ayembekeza."

A Sanford anatsegula kabati, n'kulitulutsa bukulo ndi manja awiri ngati mwana wopita naye ku ubatizo. Bwezani anatambasula dzanja. Iwo anabwerera m'mbuyo.

"Na maso chabe, mulamu."

"Itseguleni."

"Iyi sitsegulidwa."

"Inaonongeka?"

"Ni yatsopano. Ndiye chifukwa chake."

Bwezani analiyang'ana bukulo, n'kuwayang'ana eni ake.

"Nanga zamene zilimo munaziona bwanji?"

"Analemba kumbuyo."

"Kumbuyo kuli mbuzi?"

"Kulibe."

"Ndiye ili mukati."

A Sanford anapuma mozama. Anayamba kufotokoza pang'onopang'ono, ndi mawu omwe amalankhulira kuofesi kukabwera munthu wosowa mapepala.

"Mvetsani, mulamu. Mabuku aya anapanga ochepa pa dziko lonse. Mukachosa pulasitiki, yasila, yankhala buku wamba. Iyi ni yosunga."

"Monga mbeu."

"Eya, monga mbeu."

"Muzabyala liti?"

"Sibyalidwa."

"Ndiye musungila chiswe."

"Nisungila ana anga. Azaipeza ilibe na chala."

"Iwo ndiye azatsegula."

"Sazatsegula."

"Adzukulu?"

"Makamaka amenewo."

Bwezani anawayang'ana nkhope ili phee, ngati munthu amene wamva za matenda a mnzake.

"Amene analemba anavutika chabe. Sembe anaikamo njelwa."

Mawu amenewa anawabaya a Sanford, koma anameza. Poyang'ananso anaona mlamu wawo akupisa m'thumba, n'kutulutsa kampeni kodulira zingwe za tomato.

"Tibowole pang'ono pambali, monga tichita na saka ya chimanga. Tisuzumile chabe."

"Bwezani mpeni uyo mu thumba."

"Nine Bwezani, nimvela."

Mpeni unabwerera. Bwezani anavala chipewa n'kuimirira, wopanda mkwiyo ngakhale pang'ono.

"Palibe vuto. Nizawauza kuti ba Sanford buku ali nayo, koma zamene zilimo sadziwa."

"Osakamba so."

"Nikambe bwanji? Mudziwa?"

"Nidziwa."

"Mbuzi ili pa peji bwanji?"

Apa mantha anawagwira zenizeni a Sanford. M'minibasi ya m'mawa yopita ku Lusaka ankawatchula kuti ba Pulofesa, ndipo mkangano wa mpira ukabuka kondakitala ankatsitsa wailesi kuti iwo agamule. Bwezani sankanama, ndiye vuto lake linali limenelo: akakanena pagulu la matimu awiri, pofika Lolemba nkhani idzakhala itafika pa siteji iwo asanafike.

"Bantu angati ali pa gilaundi?" anafunsa motsitsa.

"Onse. Na azimai ogulitsa vitumbuwa."

"Nkhalani pansi."

A Sanford anakasamba m'manja. Atabwerako anayala nsalu yoyera patebulo, n'kuligoneka bukulo. Chikhadabo chinakana kawiri, kachitatu pulasitiki inalira. A Sanford anamva chisoni chenicheni, cha munthu amene wapereka yekha ng'ombe yake kwa opha nyama. Bwezani anavula chipewa, poona kuti mwina ndi mwambo wake.

A Sanford anatsegula masamba ndi nsonga za zala. Munali zithunzi za mabwalo akuluakulu, amuna a ndevu atavala makabudula ofika m'mawondo, zikho zonyezimira. Pa tsamba lililonse Bwezani ankaweramira n'kupukusa mutu.

"Iyo si mbuzi."

"Niona."

"Naiyo si mbuzi."

"Mulamu, musapumile pa pepala."

Chakumapeto kwenikweni anapeza malamulo a mpira. A Sanford anakonza magalasi, chala chili m'mwamba osakhudza pepala, n'kuwerenga chamumtima. Kenako anamasulira ndi mawu a woweruza, poti ulemu wawo tsopano unali utagulidwa ndi mtengo wowawa.

"Chinthu cha kunja chikangena mu gilaundi, monga galu, nakugunda bola, lefa aimika masewela. Bola yamene inali kupita kunja, chigoli palibe."

"Akamba galu."

"Nyama iliyonse."

"Olo yapakhomo?"

"Olo yapakhomo."

"Welenganinso."

Anawerenganso. Malamulo sanasinthe.

Bwezani anawerama, n'kutola pulasitiki yong'ambika ija pansi, n'kuyamba kuiwongola pabondo mosamala kwambiri.

"Ba sisi ali na kandulo?"

"Kandulo ya chani masana ano?"

"Timate, monga achita na mapaketi ya nshawa."

A Sanford anamuyang'ana, buku lili chitsegukire patebulo. Bwezani anawapatsa pulasitikiyo ndi manja awiri, n'kuvala chipewa.

"Buku ya so, mulamu, siyotsegula chifukwa cha mbuzi. Nizawauza kuti mwakana."