Therere la Kabichi

Pa siteji ya Songani, mayi wina wodikira minibasi ankayang'anitsitsa bambo amene anasenza thumba la therere, sipuleya ili kumsana.

"Bambo, therere lonseli, kwanu kuli sadaka?"

"Ayi mayi, ndi la kabichi wanga. Ndikapopera mankhwala, amangoyenderera pansi. Alangizi anati ndizisakaniza ndi madzi a therere kuti azimatirira pamasamba, alowe bwino."

"Ndiye zinathandiza?"

"Kwambiri! Mbozi ikati ikwere, imaterereka n'kugwa chagada."

"Osafa?"

"Kufa ayi. Mankhwalawo ndinaiwala kuthira. Ndinatanganidwa ndi soda ndi tomato."

"Tomato wachiyaninso?"

"Alangiziwo sananene kaphikidwe. Ndinangophika mmene amaphikira mayi a kunyumba."

"Ndiye kuti munda wonse mwauthira ndiwo?"

"Mizere yonse, mayi. Agalu a m'mudzi akungonyambita kabichi, ine n'kumawathamangitsa."

"Nanga akazi anuwo akuti chiyani?"

"Ananyamuka dzana, ali kwawo ku Naisi. Ndikupita konko kukapepesa."

"Anakwiyira therere?"

"Ayi. Akuti chikwatiraneni sindinawaphikireko ngakhale phala, koma kabichi ndamuphikira kawiri."