Chigongono cha a Blasius

Pa siteshoni ya Balaka, chaka cha Chitaganya, mayi Modester anafunyulula nyuzipepala yokulungira usipa n'kuonetsa bambo wachilendo amene ankadikira nawo sitima.

"Taonani bodza ili, bambo! Tinalipo mazanamazana ku Ntaja pokana Chitaganya, koma ajambula anthu atatu oomba m'manja."

"Inuyo muli pati pamenepa?"

"Iyayi, ine palibe! Chigongono chili m'mphepetechi ndi cha amuna anga, a Blasius. Thupi lonse lili kundende ku Zomba."

"Ine ndine telala wa ku Ntaja konko, mayi. Khamu lonselo ndinalijambula ndi makala pakhoma langa, amesenjala a boma n'kudzapakapo njereza."

"Ndiye atifufuta kawiri!"

"Mudzabwere mvula ikagwa. Njereza imasukuluka, nkhope n'kutulukanso. Apaka kale katatu."